Nsanza Zochokera ku Finglas

Finglas, Dublin
9 Novembala 2008

Wokondedwa make Yamiko,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wako, wa mwana ndi wa amayi. Ine kuno ndikudzuka bwino, kungoti kuzizira kwayamba ndipo dzuwa likumalowa anthu asanaweruke. Ndalemba kalata chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, pa foni khadi imatha ndisanafike ndi pakati pomwe.

Ku weyahausi yosungira katundu ya ku Coolock kuja atichotsa ntchito anthu ambiri. Akuti katundu sakuyenda, ndalama zavuta dziko lonse. Nyumba zimene ankamanga m'mbali mwa msewu wathu angozisiya zopanda mawindo. Usawauze amayi. Ndapeza ina yosesa ndi kukolopa pa holo ina kuno ku Finglas, koma ndi ya masiku atatu pa sabata. Choncho zimene ndimatumiza zichepako. Uyambe wagula feteleza, malata a khitchini adikire.

Tsopano tamvera bwino. Pa holopo Lachiwiri lililonse pamabwera azimayi achizungu, ambiri achikulire, kudzapanga makapeti. Wamkulu wawo ndi mayi Annie. Ine ndimasesa zidutswa zimene agwetsa, ndiye ndakhala ndikuonetsetsa. Tisungane, palibe chovuta. Amatenga chiguduli nkuchikoka pa felemu ya matabwa kuti chilimbe ngati chikopa cha ng'oma. Kenako amadula zovala zakale motalika ngati luzi, kukula kwake ngati chala. Luzi la nsalulo umaligwira kunsi ndi dzanja lamanzere. Kumwamba umalowetsa kangowe kachitsulo pa bowo la chiguduli nkukokera nsalu pang'ono kuti ituluke kamutu. Udumphe mabowo awiri, ukokenso. Osamanga mfundo. Timitu tikathinana timagwirana tokha. Basi.

Iwowo amati amapanga kuti asangalatse mtima, amamwa tiyi nkumaseka. Koma kakapeti kamodzi kakang'ono, kosakwana ndi pogona mwana, ndinaona atalembapo 80 yuro. Anthu awa amasewera ndi chakudya.

Mu envelopumu ndaikamo kangowe kamene andipatsa mayi Annie, ndakakulunga m'katoni. Ziguduli zakale za fodya zilipo kwa malume ako a Gerard. Felemu ukhometse kwa kalipentala, matabwa anayi okha, asakunamize. Nsalu usagule. Upite pa Chimbiya kwa telala uja Gervazio, wa pakhonde la golosale, ukapemphe zidutswa zimene amataya. Ndinaphunzira naye mpaka sitandade 5, ukatchula dzina langa sangakukanize. Ukapanga ukayale m'mbali mwa msewu, a magalimoto opita ku Blantyre amagula zoterezi.

Yamiko asayandikire kangoweko, nkosongoka.

Ndine mwamuna wako,
Watson


Finglas
18 Januwale 2009

Make Yamiko,

Kalata yako yafika. Ndakondwa kumva kuti nonse muli moyo ndi kuti chimanga chamera bwino. Ine ndili bwino, kachifuwa kokha ka mphepo.

Wagulitsa makapeti asanu pa Khirisimasi, wachita bwino. Koma mtengo wachepetsa. Munthu wotsika m'galimoto yaikulu usamuuze K600. Yamba ndi K1,500, atsitse yekha.

Pali zina m'kalata yako zimene sindinamvetse. Wati Gervazio akukusungira zidutswa m'thumba lapadera ndipo akumakusankhira mitundu yogwirizana. Ine ndinati ukapemphe zimene amataya. Zosankhazo wamutuma ndani? Watinso ndi iye akukujambulira maluwa ndi nkhanga pa chiguduli ndi choko chake cha utelala. Kusukulu Gervazio sankatha kujambula ndi mphika womwe. Luso limeneli walitola kuti?

Ndiye wati ukumagwirira ntchito pakhonde lake chifukwa ndi pafupi ndi msewu. Kunyumba kuli khonde, ndinamanga ndekha, ndipo ndi la simenti. Uzipangira kunyumba. Ukamaliza upite nazo kumsewu, ukagulitsa ubwerere dzuwa likadalipo. Zidutswazo azikupatsa pa mtengo, ngakhale K50 pa thumba. Zaulere zimadzadula kutsogolo. Paja mkazi wake anapita kwawo ku Ntcheu chaka chija ndinkanyamuka, kodi anabwerako? Ungondiyankha, sindikutanthauza kanthu.

Kuno a Wilbroad, Mzambia amene ndimagona naye chipinda chimodzi, ntchito yawo ya ku eyapoti ikadalipo, ndiye akumandilipirirako magetsi. Za mapepala ondilola kukhala kuno zija sizinasinthe, sindilemba zambiri. Ndinayesa kupanga kapeti yanga ndi kangowe kobwereka kuti mwina ndigulitse konkuno. Mayi Annie anaiyang'ana nkunena kuti ndimakoka mwaukali ngati ndikulimbana ndi munthu. Anagwira nsonga ya nsalu nkukoka pang'ono, mzere wonse unasololoka. Azimayi onse anaseka. Ndasiya, ndabwerera ku tsache.

Nkhuku zija ukazipatse katemera chitopa chisanafike. Nanga Yamiko wayamba kulankhula? Ndinamusiya ali kumsana, sindikudziwa ndi mawu ake omwe. Uzimuphunzitsa kunena kuti ababa.

Mwamuna wako,
Watson


Finglas
22 Malichi 2009

Tisungane,

Moyo ndikhulupirira ulipo, poti Loweruka ndinakumva ukuseka bwino lomwe. Ine ndilipo.

Ndinaimba masana pa foni imene ndinakugulira ine. Anayankha ndi mwamuna. "Halo, a Watson! Kwazizira ku Ulayako?" Ndinati ndikufuna mwini foni. Iye akuti, "Dikirani pang'ono achimwene, manja ali pa felemu, akumalizitsa mchira wa nkhanga." Ine khadi ikudyeka, munthu akundiuza za mchira wa nkhanga. Iwe utabwera unati foni imakhala pa makina a Gervazio chifukwa ndi pamene pali magetsi otchajira. Chabwino. Koma kutchaja ndi kwina, kuyankha ndi kwina.

Chimene chandilasa si chimenecho ayi. Unampatsa Yamiko foni kuti andipatse moni. Ndinati, "Yami, ndine ababa." Kenako ndinamumva akuthawa akuitana, "A Geva, a Geva, nyamule!" Mawu oyamba amene ndamva mkamwa mwa mwana wanga wamkazi ndi dzina la telala. Ndinali nditaima pa siteji ya basi, basi inabwera nkupita ine ndili chiimire.

Sindikunena kuti pali chimene wachita. Ndikudziwa kuti ndinakutuma ndine. Koma mbuzi ukaimangirira pafupi ndi munda wa mnzako, chingwe umafupikitsa.

Ndaganiza chochita. Chimene chikukupititsa kumeneko ndi zidutswa. Ndiye zidutswa zizichokera kwa ine. Kuno nsalu ndi mbwee. Pali masitolo a zovala zakale, kwathu tingati kaunjika koma zopachika bwinobwino, ndipo masiku ano akutsitsa chifukwa ogula achepa. Mayi Annie akuti kapeti yeniyeni imafuna ubweya wa nkhosa, osati tetironi ndi zitenje zimene akukupatsazo, zoyoyoka zikangochapidwa. Zanga zikafika udzaona kusiyana kwake. Maluwa uzijambula wekha ndi khala, duwa ndi duwa basi. Foni uzikatchajitsa kwa ometa tsitsi, uzilipira.

Ku holo atichotsera tsiku limodzi, atsala awiri. Mwezi uno ndi wa mawa sinditumiza kanthu, ndikusonkhanitsa za katunduyo. Mudye za makapeti.

Funso lija la mkazi wake sunayankhe.

Watson


Finglas
17 Meyi 2009

Wokondedwa make Yamiko,

Moni kwa iwe, kwa mwana, kwa amayi ndi onse pamudzi. Ine ndili bwino, masiku ano kwafundako. Za mbuzi zija wakwiya nazo chabe, chinali chitsanzo.

Nkhani yabwino ndi iyi. Mayi Ursula a ku tchalitchi kwathu kuno akubwera ku Lilongwe ku mwambo wa chiliza cha bambo awo, atera pa 30. Avomera kundinyamulira chikwama chimodzi chachikulu. Ukachitenge ku Kawale kwa achemwali awo, nambala ndalemba kuseri kwa pepalali. Chikwamacho ndi chako, cha ntchito. Ukachitsegulire m'nyumba.

Muli zabwino zokhazokha. Majekete a ubweya anayi, masiketi, majuzi, ndi bulangeti lobiriwira lokhuthala kwambiri. Zina ndagula, zina andipatsa azimayi a ku holo. Zonse ndadula kale. Ndakhala ndikudula masabata onsewa ndi sizasi yobwereka mpaka chala chachita matuza. Ndamanga m'mitolo, mtundu ndi mtundu, ngati fodya wopita ku okushoni. Makolala sindinataye, ndaika pamwamba kuti uchotse mabatani ugulitse.

A Wilbroad anandipeza ndikudula jekete yotuwa, yatsopano ndithu, ya mabatani a chikopa. Anagwira kumutu. "Iwe mudala, wafuntha? Iyi jekete ku Lusaka ni ndalama! Tuma chabe yonse, ba madamu bazadula beka." Ndinawauza kuti kwathu sakukudziwa. Ndikatumiza zathunthu, malume atenga imodzi, alongo ako imodzi, yotsalayo anena kuti ndi yaikulu, ipite kwa telala akaichepetse. Sabata isanathe iwe wabwerera pakhonde lija kukapempha zidutswa. Koma chodula kale palibe angavale, ndipo palibe choti telala achitepo. A Wilbroad anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Ba Watson, nsanje yanu ili na sizasi." Ndinangowasiya, iwo sanakwatire.

Ndi zimenezi upanga makapeti mpaka mvula, ndipo mtengo ukweze, uziwauza ogula kuti ubweyawo ndi wa ku Ulaya. Ndiye kwa Gervazio ukatsanzike mwaulemu. Umuthokoze, unene kuti bambo a mwana atumiza zawo. Felemu uinyamule tsiku lomwelo, usaisiye kuti ukaitenga mawa.

Juzi ndi nsapato za Yamiko zidzabwera ulendo wina. Sikelo ya ndege inakwana ndi nsaluzi, mayi Ursula anakana kuonjezera ngakhale sokosi.

Chimanga mukakolola muthire mankhwala musanaike m'matumba.

Ndine mwamuna wako,
Watson


Finglas
5 Julaye 2009

Tisungane,

Ndamva kuti mwatuluka m'chipatala ndi mwana. Ndikuthokoza Mulungu. Chilandirire uthenga wa chibayo uja sindinadye bwino. Mankhwala amalize onse ngakhale aoneke ngati wachira. Azigona pakati pa iwe ndi amayi, mphepo ya ku Dedza siichita masewera.

Kalata yako ndawerenga. Ya malume ako a Gerard ndawerenganso. Ine ndinanena kuti chikwama ukatsegulire m'nyumba. Nanga zinatheka bwanji kuti chitsegulidwe pabwalo, amayi, malume, azakhali ndi ana a mudzi wonse atazungulira? Wati katundu wa ku Ulaya sabisika, anthu anakuchingamira ku siteji ndi nthungululu, ndipo malume anachita kubwereka njinga yonyamulira. Chabwino, mwambo ndi umenewo, aliyense amayembekeza kake. Ndinaiwala. Koma ukanawafotokozera msanga kuti izi ndi zipangizo za ntchito. Wati anakhuthula mpaka pansi kufuna chathunthu, ndipo amayi anatola kolala ya jekete ili ndi mabatani ake, nkuiika pakhosi pa Yamiko. Pamenepo ndinapinda kalata nkutuluka panja.

Malume alemba kuti mkamwini wotumiza nsanza kwa apongozi mwezi wa Juni watukwana mtundu wonse. Akuti pa Chimbiya anthu akunditchula kuti bambo Nsanza. Akuti mwana anadwala chifukwa bambo ake anadula majekete anayi osasiya ngakhale mkono umodzi. Tisu, chibayo chimabwera ndi mphepo, mphepoyo sindinatumize ine. Koma juzi ndikanaika. Ndikanachotsa mtolo umodzi nkuika juzi. Pamenepo ndavomera.

Ubweyawo ndi wabwino ndithu. Wayesako? Sunanene.

Chinanso. Wati tsiku limene mwana anabanika, amene anakutengani pa njinga yamoto kupita kuchipatala ndi Gervazio. Ndiye kuti kutsanzika kuja sunatsanzike. Njinga yamoto anagula liti? Ndipo munakhala bwanji, mwana anali pakati kapena kumsana kwako? Msewu uja uli ndi mabampu, munthu amafuna pogwira. Mafuta ndimubwezera, undiuze mtengo wake.

Uwapepese amayi m'malo mwanga. Ndikanawalembera koma sindikudziwa poyambira.

Watson


Finglas
30 Ogasiti 2009

Make Yamiko,

Moni. Ndakondwa kuti mwana wayambanso kudya ndi kuthamanga. Ine ndili moyo.

Chithunzi chafika. Ndachiyang'ana mpaka chayamba kupindika m'makona. Yamiko wakula, mphumi ndi wanga. Jekete wavalayo ndinaizindikira nthawi yomweyo. Mzere wofiira, mzere wotuwa, mzere wobiriwira wa bulangeti lija. Wati Gervazio anatenga luzi langa nkulisokerera limodzi limodzi pa fulanelo mpaka inatuluka nsalu, kenako nkusoka jekete, ndipo ndalama anakana. Ndiye kuti zimene ine ndinadula iye walumikiza, ndipo mudzi wonse ukuona mwana wanga akuyenda atavala nkhani imeneyo.

Musamuvule. Kukuzizirabe m'mawa. Koma ikamuchepera usaisunge.

Ndinalakwitsa kuonetsa chithunzicho ku holo. Ndimafuna aone mwana. Azimayi aja anangothamangira kapeti imene wapachika kumbuyo kwakeyo, ya nkhanga zitatu. Mayi Annie anavala magalasi nkunena kuti, "Watson, uyu ndi mkazi wako wapanga? Wa kangowe kanga kaja? Ine zaka zonsezi sindinafikepo apa. Iyi si yopondapo ayi, ndi ya pakhoma." Ndinayamba kumva bwino, ndinati ndinamuphunzitsa ndine pa kalata. Kenako akuti, "Nanga kajekete aka wasoka ndani? Ameneyunso ndi mmisiri. Awiriwa manja awo akugwirizana." Ndinatenga tsache nkukasesa kumene ndinali nditasesa kale.

Holo akuitseka kumapeto kwa Sepitembala, akuti thandizo limene ankalandira latha. Ndayenda ku Coolock konse ndi ku eyapoti, kulikonse akuti tisiyireni nambala. A Wilbroad apeza mnzawo wina wotha kulipira lendi yonse. Sananene kuti ndichoke, koma ndili ndi makutu.

Malume alembanso. Akuti monga ankhoswe akufuna nditchule tsiku lobwera mvula isanagwe. Apo ayi akhala pansi ndi a kwathu kuti akumasule, poti mwana wawo akudzidyetsa yekha ndipo sangakalambe akudikira mtchona. Mawu amenewa ndi awo kapena ndi ako? Ndipo ngati akufulumira chonchi, alipo amene wafunsa kale? Undiyankhe iwe, ndi dzanja lako, osati pa foni pali anthu.

Watson


Finglas
18 Okutobala 2009

Wokondedwa mkazi wanga Tisungane,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani nonse muli athanzi. Ine ndili bwino, ndikugona pa balaza kwa m'bale wina wa ku tchalitchi.

Yankho lako ndalandira. Ndi lalifupi. Wati palibe amene wafunsa, koma ukatopa ndi mafunso anga udzangosiya kutsegula makalata. Watinso ntchito yachuluka, a malo ena ogona alendo ku Dedza aitanitsa makapeti khumi, ndipo ulibe nthawi ya nsanje za munthu amene sukumuona. Ndamva.

Ndikubwera. Pali bungwe lina kuno lothandiza anthu ngati ine kubwerera kwawo, andipezera tikiti ya pa 12 Novembala. Ukatuluka njira imeneyi kubwereranso nkovuta, ndikudziwa. A Wilbroad akuti, "Mudala, bantu bagulitsa ng'ombe kuti babwere kuno, iwe usiya Ulaya chifukwa cha telala?" Ndinati ng'ombe munthu amagulanso.

Uwauze malume tsikulo. Uwauzenso zoona, kuti asavutike kubwereka njinga. Ndilibe katundu. M'kachikwama muli juzi ya Yamiko, nsapato zake, ndi shawelo ya amayi, yathunthu. Asandichingamire ndi nthungululu. Dzina lija akanditchula ndidzayankha.

Tsono za ntchito. Wati pakhonde la Gervazio sungachoke chifukwa ogula anazolowera pamenepo, ndiponso m'mphepete mwa kapeti amapinda ndi iye pa makina. Ndaganiza, ndaona kuti pa bizinesi ukunena zoona. Ukhale pomwepo. Ine kukoka sinditha, kujambula sinditha. Koma kudula ndimatha. Ngakhale mayi Annie ananena kuti luzi langa limatuluka lofanana ngati la makina, ndipo potsanzikana andipatsa sizasi yawo yaikulu. Iwe ukutaya nthawi yambiri ndi kudula pamene manja ako akufunika pa felemu. Undilembe ntchito imeneyo. Malipiro tidzakambirana.

Umuuze Gervazio kuti ndathokoza za njinga ndi za jekete. Ndidzanenanso ndekha pamaso pake, kamodzi. Umuuzenso asunthire makina ake pang'ono cha kukhomo la golosale. Ndikufuna malo a mpando umodzi, pakati pa felemu yako ndi makinawo. Khondelo ndikulikumbukira bwino, kuwala koyenera kudulira nsalu kuli pamenepo.

Ndine mwamuna wako,
Watson